Kodi kuulula dziwe la nsomba pa intaneti kumapha mtsinje?

Msodzi akakola nsomba yaikulu masiku ano, chinthu choyamba kutuluka m'thumba ndi foni. Amajambulitsa nsomba ili m'manja, chithunzi n'kuchiponya pa Facebook kapena pa Instagram. Kumbuyo kwake kumaoneka mlatho, kapena thanthwe long'aluka pakati limene aliyense wodziwa deralo angalizindikire. Ola lisanathe, anthu agawikana. Ena akumuyamikira, ena akumulalatira kuti wawotcha dziwe, ati pofika Loweruka padzakhala anthu makumi awiri pamene pankaima awiri. Mwini chithunzi amayankha kuti mtsinje ulibe mwini, ndipo odandaulawo chawavuta ndi umbombo basi.

Mkangano umenewu umapezeka kulikonse kumene anthu amawedza ndi mbedza pongofuna kusangalala, ndipo anthuwo si ochepa: m'mayiko olemera, pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse amawedza. Tiyambe tavomereza chodziwikiratu. Chithunzi pachokha sichipha nsomba. Ntchito yake ndi kusuntha anthu, kuwauza kopita, tsiku loti apite, ndi nyambo yoti anyamule. Ndiye funso lenileni ndi lakuti anthu akaunjikana pamalo amodzi a mtsinje pa nthawi imodzi, nsomba zimaona zotani. Yankho limadalira kukula kwa mtsinje, mtundu wa nsomba, nyengo, ndiponso malamulo a kumeneko.

Nsomba za mumtsinje zilibe kothawira

Mtsinje ndi wopapatiza, ndipo nsomba sizimwazikana mofanana m'litali mwake monse. Zimasankha malo: dziwe lakuya pamene mtsinje wakhota, m'munsi mwa mathithi, pamene kamtsinje kakang'ono kakuthira mu waukulu, pansi pa chikuni chomira, kumunsi kwa damu. Munthu atha kuyenda makilomita angapo m'mbali mwa madzi osaya osaona kanthu, kenako n'kupeza nsomba zikuluzikulu za chigawo chonsecho zitadzazana pa dziwe limodzi laling'ono.

Kwa nsomba zimene zimakwera mitsinje kukaswana, monga salmon, vutoli limakula. Zonse zimadutsa njira imodzi, pa miyezi yodziwika, ndipo zikafika pa mathithi zimaima kudikira kuti madzi akwere. Kukatentha kwambiri zimathamangira pamene pali kasupe kapena kamtsinje kozizira, n'kupanikizana pamenepo mazanamazana. Pa mtsinje wa Miramichi ku New Brunswick, m'dziko la Canada, boma limatseka maiwe ozizira oterewa madzi akatentha mopitirira muyeso, chifukwa likudziwa kuti nsomba zoimitsa mtundu wonse zili pamalo ochepa, zili zofooka, ndipo n'zosavuta kuzipeza. Munthu amene waulula dziwe lotere pa sabata yotere ndiye kuti waonetsa khamu pobisalira pomaliza pa nsombazo.

Kale, kudziwa malo oterewa kunkatenga zaka. Unkayenda, kusochera, kubwerako chimanjamanja kangapo, mpaka wina wachikulire atakukhulupirira n'kukunong'oneza. Kusadziwa kwa anthu ambiri kunali ngati mpanda umene palibe anaumanga, koma unkateteza nsomba za m'malo obisika ndi akutali. Mu 2002, akatswiri a ku Canada motsogozedwa ndi John Post anasonyeza kuti nsomba zowedzedwa ndi mbedza zinkatha mwakachetechete m'madzi ambiri a dzikolo, makamaka m'nyanja zing'onozing'ono, ndipo kutha kwake kunkatsata kumene kuli anthu. Madzi oyandikira mizinda ndi misewu ndi amene ankayamba kuguga, asodzi n'kusunthira patsogolo. Kumene nsomba zinatsala zambiri n'kumene kunali kovuta kufikako. Intaneti siifupikitsa msewu, koma imachotsa mbali ina ya vutolo, ija yofufuza. Munthu amalolera kuyendetsa galimoto maola asanu akakhala ndi chitsimikizo choti kumeneko kuli nsomba, pamene mwa mphekesera chabe sakanadzuka n'komwe.

Ena amati izi si zachilendo, popeza magazini ndi mabuku a asodzi akhala akutchula mitsinje kuyambira kalekale. N'zoona, koma kusiyana kulipo. Magazini inkatchula dzina la mtsinje patapita miyezi nyengo itatha. Foni imaloza mwala weniweni umene munthu anaimapo, lero lomwe, nsomba zikadali pomwepo. Mafoni ambiri amalemba malo m'kati mwa chithunzi ngati mwini wake sanazimitse GPS. Masamba akuluakulu a mchezo kawirikawiri amafufuta zimenezi chithunzi chikamalowa, koma chikatumizidwa kwa mnzako monga chinajambulidwira, zimapita nazo. Ngakhale zitafufutidwa, phiri, mlatho, kapena mawaya a magetsi oonekera kumbuyo ndi okwanira kwa munthu wakhama amene ali ndi Google Earth. Komanso zimene zaikidwa pa intaneti sizichoka. Madzi akatayika saoleka: vidiyo ya pa YouTube ya zaka zisanu zapitazo ikutumizabe anthu ku dziwe lomwelo chaka ndi chaka.

Palinso kuulula kumene munthu sadziwa kuti akuulula. Kumayambiriro kwa 2018 kunadziwika kuti mapu a kampani ya Strava, osonyeza njira zimene anthu othamanga amadutsa, ankaonetsa malo a asilikali amene anali achinsinsi. Palibe msilikali amene anaulula dala. Mapuwo anangophatikiza timaulendo ta anthu ambiri. Mapulogalamu a asodzi a pa foni amene amasonkhanitsa malo okolera nsomba atha kuchita chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ena, monga Fishbrain ya ku Sweden, amapatsa munthu mwayi wobisa malo enieni a nsomba imene wakola.

Mbedza ikamakolabe, sindiye kuti nsomba zilipo

Apa ndi pamene nkhaniyi imasokoneza ngakhale asodzi anzeru. Tiyerekeze kuti m'chigawo china cha mtsinje muli nsomba zikuluzikulu 200, ndipo pa dziwe labwino koposa pamakwana 20. Zikakoledwa makumi awirizo, zina zimachoka m'malo osakoma n'kudzalowa m'malo mwake, pakuti dziwelo ndi labwino kwa nsomba iliyonse. Msodzi woima pamenepo azikolabe ngati kale pamene chigawo chonse chatsika kufika pa 100, kenako pa 50. Kwa iye zonse zili bwino. Amadzazindikira pamene kulibenso zodzalowa m'malo, ndipo pa nthawiyo kugwa kwake kumaoneka ngati kwadzidzidzi.

Umu ndi mmene zinayendera ndi nsomba za cod ku Newfoundland. Zitachepa, zotsalazo zinkaunjikana pamodzi, zombo zokhala ndi zida zabwino zinkazipezabe, ndipo maukonde ankabwera odzaza mpaka pafupi ndi mapeto. Mu July 1992 boma la Canada linaletsa usodziwo, anthu pafupifupi 30,000 n'kutsala opanda ntchito. Imeneyo inali nyanja yamchere ndi zombo zamalonda, koma fundo yake ndi yomweyo: chilichonse chothandiza asodzi kupeza msanga pamene nsomba zaunjikana chimabisa kutha kwake. Masamba a mchezo amawonjezera chinyengo china pamwamba. Palibe amene amaika chithunzi cha tsiku limene wabwerako wopanda kanthu. Ongoona pa foni amaona nsomba zikuluzikulu zokhazokha, n'kumaganiza kuti mtsinjewo ukusefukira.

Nsomba zikuluzikuluzo ndi zimenenso mtsinje sungathe kuzibwezeretsa msanga. Yaikazi yaikulu imaikira mazira ochuluka kwambiri kuposa zing'onozing'ono zingapo. Mitundu ina, monga taimen ya ku Mongolia ndi Siberia, imatenga zaka zambiri kuti ifike poswana, ndipo zazikulu zimakhala zowerengeka pa mtunda wautali wa mtsinje. Kuchotsa zochepa chabe kumamveka kwa zaka. Ndipo amene amawerenga za dziwe lotchuka si asodzi omvera malamulo okha. Opha nsomba mozemba, a maukonde ausiku, nawonso ali ndi mafoni.

"Koma ife timazibwezera m'madzi"

Ili ndilo yankho loyamba la asodzi ambiri oika zithunzi, ndipo lili ndi mphamvu. Kukola n'kubwezera kwapulumutsa mitsinje yambiri. Pa mtsinje wa Yellowstone ku America, kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anapeza kuti nsomba iliyonse ya mtundu wa cutthroat trout inkakoledwa pafupifupi kakhumi pa nyengo imodzi yowedza, koma zofa chifukwa cha mbedza zinali pafupifupi zitatu zokha pa 100 zilizonse pa nyengo yonseyo. Madzi ake anali ozizira, ndipo nyambo zinali zochita kupanga, zimene nsomba siimeza mpaka m'mimba. Amene amati khamu la asodzi limapha mtsinje nthawi zonse ayenera kuyamba wayankha za Yellowstone.

Koma sikuti kulikonse kuli ngati kumeneko. Mu 2005, Aaron Bartholomew ndi James Bohnsack anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wa mitundu yosiyanasiyana, n'kupeza kuti mwa nsomba 100 zobwezeredwa, pafupifupi 18 zimafa tikatengera zonse pamodzi, ngakhale kuti kusiyana kwake n'kwakukulu zedi: kwina sikufa ngakhale imodzi, kwina zimafa pafupifupi zonse. Zimene zimapha kwambiri ndi mbedza yomezedwa mozama, kulimbana nayo nthawi yaitali, kuisunga kunja kwa madzi, ndi kutentha. Tsono onjezani kubwereza. Ngati nsomba ili ndi mwayi 95 pa 100 wopulumuka nthawi iliyonse imene yakoledwa, ikakoledwa kakhumi mwayi woti ikhalebe moyo umatsika kufika pafupifupi 60 pa 100. Dziwe la asodzi awiri ndi dziwe la asodzi makumi awiri zimasiyana pamenepa, ngakhale onsewo atakhala osamala.

Kutentha n'kofunika kukumvetsa bwino. Madzi a madigiri 10 amasunga mpweya wa okosijeni wokwana mamiligalamu 11 pa lita, koma a madigiri 25 amasunga pafupifupi 8, pamene thupi la nsomba m'madzi ofunda limafuna mpweya wochuluka kuposa kale. Trout imayamba kuvutika madzi akadutsa madigiri 20. Ikalimbana ndi chingwe pa nthawi yotere, itha kusambira n'kuchoka ikuoneka yamoyo, n'kukafera pansi pa dziwe msodzi atapita kale kwawo.

Ndiye pali chithunzicho. Mu 1992, Ferguson ndi Tufts a ku Canada anatopetsa nsomba za rainbow trout m'mathanki, zina n'kuzitulutsa m'madzi. Mwa zosatulutsidwa, 88 pa 100 zinapulumuka. Mwa zimene zinakhala kunja masekondi 30 zinapulumuka 62, ndipo mwa za masekondi 60 zinapulumuka 28 zokha. Kafukufuku wina wochitikira m'mitsinje yeniyeni pambuyo pake anapeza kuti vutolo silifika pamenepo, choncho manambalawa tisawatenge ngati lamulo. Komabe boma la Washington ku America linaletsa kutulutsiratu m'madzi salmon kapena steelhead (mtundu wina wa trout) imene lamulo sililola kuisunga. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene intaneti imakhudza nsomba mwachindunji koposa, kuposanso kuulula malo. Nsomba imene ikanamasulidwa m'masekondi asanu imadikira kuti foni ituluke, chithunzi choyamba chikanike, ajambulenso, mnzake naye aigwireko.

Mapazi nawo amawononga

Si mbedza yokha imene imabwera ndi khamu. Trout ndi salmon zimakumba timaenje m'nsangalabwi za pamalo osaya, n'kukwiriramo mazira amene amakhala mmenemo milungu kapena miyezi. Malo osayawo ndi omwenso asodzi amawolokerapo. Kafukufuku wa Roberts ndi White ku Montana, m'dziko la America, mu 1992 anapeza kuti kupondapo kamodzi kokha mazira atatsala pang'ono kuswa kunkapha mpaka 43 pa 100 alionse, ndipo kupondapo kawiri pa tsiku nyengo yonse kunkapha mpaka 96. Mlendo wongotsata kadontho ka pa mapu sadziwa kuti kamalo koyera ka nsangalabwi kamene waimapo ndi chisa.

Alendo ochokera kutali amabweranso ndi zimene zamatirira ku nsapato ndi ku mabwato awo. Mu 2004 ndere za mtundu wa didymo zinapezeka koyamba mu mtsinje wa Waiau kumwera kwa New Zealand, ndipo zinafalikira m'mitsinje yambiri ya chilumba chakumwera, kuphimba miyala ya pansi ndi zinthu zonanda. Mu 2008 dzikolo linaletsa asodzi kuvala nsapato zokhala ndi nsalu yokhuthala kuphazi, chifukwa imasunga chinyezi ndi tizilombo kwa masiku. Kwina asodzi amachita kunyamula nsomba zenizenizo. Mlamba waukulu wa wels unathiridwa mu mtsinje wa Ebro ku Spain m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero umakopa alendo ambiri pamene ukudya nsomba za mtsinjewo.

Pali kutaya kwinanso kosakhudza nsomba koma asodzi eni ake. Mwini munda amene ankalola anthu awiri atatu kudutsa pamalo pake amatseka chipata akaona magalimoto khumi, zinyalala, ndi gombe logumuka. Nsomba zimene zimaponyeredwa nyambo tsiku lililonse zimachenjera, n'kusiya kudya masana. Mtsinje utha kukhala ndi nsomba zochuluka monga kale, koma chimene anthu ankaukondera chitapita. Madandaulo ambiri a pa intaneti, tikawamvetsera bwino, ndi a zimenezi. Ndi madandaulo omveka, koma ndi a anthu, ndipo si bwino kuwaveka dzina la kuteteza chilengedwe.

Mbali inayo ili ndi zonena zolemera

Pa mtsinje waukulu wodziwika kale, pa damu limene boma limathiramo nsomba chaka chilichonse, kapena pa mitundu yoswana msanga, kuulula malo sikusintha kanthu kooneka. Ndipo tikayang'ana zimene zikuthadi nsomba za m'mitsinje padziko lonse, chithunzi cha pa Instagram chili kutali ndi pamwamba pa mndandanda. Lipoti la mu 2024 la mabungwe angapo, kuphatikizapo World Fish Migration Foundation ndi WWF, linati magulu a nsomba zosamuka za m'madzi opanda mchere amene akhala akuwerengedwa anatsika ndi 81 pa 100 pakati pa 1970 ndi 2020, ndipo chifukwa chachikulu ndi kuonongeka kwa malo okhala nsombazo. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti mitsinje ya ku Ulaya yatsekedwa ndi madamu ndi zotchinga zina zosachepera 1.2 miliyoni. Wina wa mu 2019 anapeza kuti mwa mitsinje yotalika kuposa makilomita 1,000, ndi 37 yokha pa 100 imene ikuyendabe momasuka kuchokera kugwero mpaka kumatsiriro. Onjezani kupatutsa madzi a ulimi wothirira, zoipa za m'migodi ndi m'mafakitale, ndi kutentha kwa dziko.

Zinthu zotere zimalimbanidwa ndi anthu ambiri odziwa mtsinjewo ndi kuukonda. Mtsinje wodziwika kwa anthu asanu okha ulibe woulankhulira tsiku limene wina wabwera ndi mapulani a damu. Ku America, madamu awiri a pa mtsinje wa Elwha anagumulidwa pakati pa 2011 ndi 2014, ndipo anayi a pa Klamath anatha kugumulidwa mu 2024, pambuyo pa nkhondo ya zaka zambiri imene anaitsogolera ndi mitundu ya eni nthaka monga Yurok ndi Karuk pa Klamath, mothandizana ndi asodzi ndi mabungwe. Salmon zinabwerera kumtunda m'mitsinje yonse iwiri. Nkhondo imeneyo inatheka chifukwa mitsinjeyo inali pakamwa pa anthu.

Zimene asodzi amalemba zimathandizanso akatswiri. Pa mtsinje wa Cauvery ku India, mabuku amene ankalembedwa m'misasa ya asodzi okola n'kubwezera ndi amene anaonetsa kuti nsomba ya mahseer yaikulu ya linunda ikutha, ndipo mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Ku Denmark, sukulu ya ukachenjede ya DTU inakhazikitsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Fangstjournalen mu 2016, kuti asodzi azilemba maulendo awo, ngakhale amene sanakole kanthu.

Tisaiwalenso kuti chinsinsi chimakondera. Chimakomera amene anabadwira pafupi ndi mtsinje, kapena amene bambo ake kapena amalume ake ankawedza. Wachinyamata wa mumzinda amene alibe womutsogolera ali ndi foni yokha. Ndipo kawirikawiri amene amakuwa kwambiri kuti malo asaululidwe ndi omwe amapitako sabata iliyonse, ena mpaka kulipiritsa alendo kuti awaperekeze kumeneko.

Anzathu oona mbalame ndi zomera anakumana ndi vuto lomweli, ndipo njira imene anatenga ndi yophunzitsa. Mu 2017, David Lindenmayer ndi Ben Scheele analemba m'magazini ya Science kuchenjeza kuti kufalitsa malo enieni a zamoyo zosowa kukuitana anthu ozigwira mozemba. Tsamba la eBird limabisa malo a mbalame zimene zili pachiopsezo, ndipo iNaturalist imasokoneza dala malo a zamoyo zoterezi, n'kungoonetsa dera la makilomita pafupifupi 20 mbali iliyonse, pamene malo enieni amasungidwa. Mu 2018, bungwe lokopa alendo ku Jackson Hole ku Wyoming, m'dziko la America, linapempha anthu kuti asamaloze malo enieni pa zithunzi zawo, azingotchula dera. Onsewa sanaletse kugawana. Anangosiyanitsa pakati pa zimene zingapirire khamu ndi zimene sizingapirire. Kwa msodzi, kusiyanitsa kotereku si kovuta: kutchula mtsinje waukulu osatchula dziwe, kusatchula n'komwe kamtsinje kakang'ono kapena malo oswanirana, kudikira nyengo ithe asanaike chithunzi, kuphunzitsa luso lowerenga madzi m'malo mopereka kadontho ka pa mapu. Munthu amene waphunzira kuzindikira dziwe labwino amakadzipezera lake, ndipo anthu amamwazikana m'malo moti aunjikane.

Chimene chimasiyanitsa mitsinje ndi malamulo

Chithunzi chimodzimodzi chitha kuvulaza mtsinje wina osakhudza wina, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri ndi lamulo la kuchuluka kwa anthu. Malamulo ambiri a usodzi wa mbedza amanena nsomba zimene munthu mmodzi angatenge pa tsiku, koma sanena kuti anthu akhale angati. Lamulo loti aliyense atenge ziwiri limateteza mtsinje asodzi akakhala khumi. Akafika mazana atatu, aliyense akumvera lamulo, nsomba zikutha. Mpata umenewu unalipo intaneti isanabwere, ndipo intaneti yangouonetsa poyera.

Ku Scotland, ufulu wowedza salmon pa chigawo cha mtsinje uli ndi mwini wake, ndipo ndodo zololedwa pa tsiku n'zowerengeka. Mutha kuulula dziwe lililonse la pa Spey kapena Tweed, khamu silingabwere, koma mtengo wake ndi wakuti zigawo zabwino zimafikirika ndi a ndalama. Ku Montana n'kosiyana: lamulo la mu 1985 limalola aliyense kugwiritsa ntchito mtsinje mpaka pamene madzi amalekezera akadzaza, ngakhale minda ya m'mbali ili ya anthu. Ndi ufulu wokoma, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa mtsinje wa Madison, pamene mkangano wa kuchulukana kwa asodzi ndi mabwato a operekeza alendo watenga zaka. Boma la Montana limateteza nsomba mwa njira ina: madzi akafika madigiri pafupifupi 23 kwa masiku atatu otsatizana, kuwedza kumaletsedwa kuyambira 2 koloko masana mpaka pakati pa usiku. Ku England, kuwedza nsomba zambiri za m'mitsinje kumatsekedwa kuyambira pa 15 March mpaka pa 15 June, nthawi yoswana.

Kwina anasankha kuwerenga anthu popanda kugulitsa mtsinje. Pa mitsinje ya salmon ya ku Quebec, m'dziko la Canada, zigawo zina zimalandira asodzi owerengeka pa tsiku, ndipo malowo amaperekedwa pochita maere. Ku New Zealand, mtsinje wa Greenstone umafuna kusungitsiratu malo pa miyezi ina, ndipo kuyambira mu 2023 mitsinje ina yosachedwa kuguga imafuna chiphaso chapadera, alendo akunja n'kupatsidwa masiku owerengeka.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha asodzi a m'nyanja ku Alanya, m'dziko la Turkey, chimene Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anachifotokoza potsutsa maganizo oti chuma cha onse chimangothera kuonongeka. Asodzi pafupifupi 100 a kumeneko ankalimbirana malo abwino mpaka kudana. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kuyesa njira zosiyanasiyana, mpaka anagwirizana zolemba malo onse poyera, lililonse ndi dzina lake. Mwezi wa September uliwonse ankachita maere kuti aliyense adziwe poyambira, kenako tsiku ndi tsiku aliyense ankasunthira malo otsatira chakum'mawa, ndipo pambuyo pa January ankabwerera chakumadzulo motsata mmene nsomba zimayendera. Panalibe chinsinsi ngakhale chimodzi, ndipo aliyense ankafika pamalo abwino nthawi yake ikakwana. Wolanda malo a mnzake ankagwidwa m'mawa womwewo ndi mwini tsikulo, popanda kudikira wapolisi.

Koma dongosolo la ku Alanya linkayamba ndi mndandanda wa asodzi ololedwa, ndipo wosalembedwa analibe malo. Maere a ku Quebec nawo ali ndi olephera, amene amakawedza m'zigawo zotsegukira aliyense kapena kudikira chaka chamawa. Maboma ambiri amazengereza kuika malire otere pa mitsinje ya anthu onse, chifukwa ndalama zoyendetsera nthambi zawo za nsomba zimachokera kwambiri ku ziphaso zimene asodzi amagula, ndipo nthambi zomwezo zimafalitsa mapu a malo owedzera pa masamba awo pofuna kukopa asodzi atsopano.